Kodi madzi oundana a kumathero a dziko ndiwo akudzaza nyanja yathu?

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2024 ndinali pa Golomoti kudikira galimoto yopita ku Monkey Bay. Pakhonde la sitolo ina panabuka mtsutso pakati pa abambo awiri. Mmodzi, wogulitsa usipa, anati anamva pa wailesi kuti madzi oundana a ku mayiko ozizira akusungunuka, ndipo n'chifukwa chake nyanja yasefukira n'kumiza minda ya mpunga ndi nyumba za anthu. Mnzake, mlimi wa thonje wa cha ku Mtakataka, anapukusa mutu. "Achimwene," iye anatero, "ngati madzi achuluka padziko, nanga bwanji chimanga changa chapserera m'munda osabereka?" Anthu anaseka, galimoto inabwera, nkhaniyo inathera pomwepo osagamulidwa.

Ine ndinaona kuti aliyense wa iwo ananenako zoona, koma sanafike pa tsinde pake. Ndipo iyi si nkhani yongochezera pa sitolo ayi. Munthu amene sadziwa chimene chimadzaza nyanja sangadziwenso poti amange nyumba, kapena poti atsegule dimba lake. Choncho sabata ino, alimi anzanga, tiyeni tiione nkhaniyi mofatsa.

Kumathero awiri a dziko lapansi, kumpoto kwenikweni ndi kum'mwera kwenikweni, dzuwa silifika paliwombo monga lichitira kuno. Limangoyenda chapansipansi ngati dzuwa la m'mamawa, ndipo miyezi ina silituluka n'komwe. Kumeneko mvula imagwa ngati ufa woyera wozizira, umene ena amati chipale chofewa. Ukagwa susungunuka. Wa chaka chino umagwera pamwamba pa wa chaka chatha, n'kumapsinjana mpaka kulimba ngati mwala. Ameneyo ndiye ayezi, yemwe uja ogulitsa chambo amaika m'mabokosi awo, kungoti uyu sanapangidwe ndi makina.

Kum'mwera kuli dziko lotchedwa Antarctica. Kukula kwake, mayiko onga Malawi angalowemo oposa 100. Pafupifupi lonselo lakutidwa ndi ayezi wochindikala makilomita 2, ndipo malo ena amapitirira makilomita 4. Kuti timvetse, phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye kuti alipo malo ku Antarctica amene Sapitwa angakwiririke osaonekanso nsonga. Kumpoto nako kuli chilumba chachikulu cha Greenland chimene chakutidwa chimodzimodzi, komanso nyanja ya Arctic imene pamwamba pake pamayandama ayezi.

Zoti ayezi ameneyu akusungunuka ndi zoona, wailesi sinaname. Kuyambira mu 1979 makina ojambula dziko ali m'mwamba akhala akuonetsa kuti ayezi woyandama pa nyanja ya Arctic akucheperachepera, ndipo anachepetsetsa mu Sepitembala 2012. Greenland ndi Antarctica akutaya ayezi chaka ndi chaka. Ngakhale kwa anansi athu ku Tanzania, ayezi wa pamwamba pa phiri la Kilimanjaro watha ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse poyerekeza ndi mmene analili mu 1912. Nyanja zamchere zinakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018. Mbali ina ya kukwerako yachokera ku ayezi wa pamtunda amene wasungunuka, mbali ina n'chifukwa choti madzi akafunda amafufuma pang'ono. Ayezi woyandama kale pamadzi sakweza nyanja akasungunuka. Yesani kuika chibenthu cha ayezi m'kapu ya madzi, muika chizindikiro, mudikire. Mupeza madzi ali pomwe paja.

Madzi sakwera phiri

Apa ndi pamene bambo wa usipa uja anasokera. Nyanja ya Malawi siili pa msinkhu umodzi ndi nyanja ya mchere. Ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 474. Madzi ake amatuluka pa Mangochi kulowa mu Shire, kudutsa Malombe ndi Liwonde, n'kugwa pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje, kukathira mu Zambezi, mpaka ku nyanja ya India cha ku Chinde. Ulendo wonsewu ndi wotsika. Akatswiri anawerengera kuti ayezi yense wa ku Antarctica atasungunuka, nyanja zamchere zingakwere mamita 58, ndipo wa ku Greenland angaonjezepo mamita 7. Zimenezo zingatenge zaka mazana ngakhale zikwi. Zitachitikadi, madzi amchere angalowe ku Nsanje, pakuti malo otsikitsitsa m'Malawi muno, pamene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, ali pa mamita 37 okha. Koma mathithi aja sangawakwere. Ku Mtakataka sikungafike ngakhale dontho.

Amene ali pachiopsezo cha madzi a m'nyanja ya mchere ndi anzathu a ku Beira ndi Quelimane, mizinda yomangidwa pa malo otsika. Ife zimatikhudza kudzera m'thumba, chifukwa feteleza ndi mafuta athu ambiri amadzera pa madoko a Beira ndi Nacala. Namondwe wa Idai ataphwanya Beira mu Malichi 2019, njira ya katundu wathu inatsekeka kwa kanthawi.

Nanga chinadzaza nyanja mu 2024 n'chiyani? Ndi mvula, koma osati mvula ya kuno kwathu. Mitsinje yathu ya Nadzipokwe, Namikokwe, Livulezi ndi Bwanje imathiramo madzi ndithu, koma ndi timitsinje tating'ono tikayerekeza ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, Rukuru, Dwangwa ndi Bua. Madzi ambiri a m'nyanjayi amachokera kumpoto, ena amagwera pa nyanja penipenipo ngati mvula. Nyengo ya 2023/24 inali ya El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific amafunda kuposa nthawi zonse n'kusokoneza kayendedwe ka mphepo padziko. El Niño kawirikawiri amamana mvula chigawo cha kum'mwera ndi mbali ya pakati, n'kuichulukitsa kumpoto ndi ku Tanzania. Ndiye chifukwa chake mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, pamene mwezi wotsatirawo nyanja inadutsa mamita 476. Chimanga cha bambo wa thonje uja chinauma ndi dzuwa la kuno, pomwe mpunga wa mnansi wake unamira ndi mvula yogwa ku Njombe ndi ku Karonga.

Tionjezepo kuti nyanja ili ngati nkhokwe yaikulu yosunga za zaka zingapo. Mvula ya 2022 ndi 2023 inali itaidzaza kale. Ndipo madzi ochuluka amene nyanja imataya sadzera mu Shire ayi. Oposa magawo atatu mwa anayi amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Ena amaloza chala zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zimene zinamangidwa mu 1965, kuti bwanji osangozitsegula zonse. Zitsekozo zimathandizadi kusintha msinkhu wa nyanja, koma pang'ono pokha, ndipo madzi otsegulidwa mopitirira amakagwera anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Kukwera ndi kutsika kumeneku si kwachilendo. Pamene ansembe a White Fathers ankafika pa Mua mu 1902, nyanja inali ikutsika, ndipo sitima zapamadzi zinkavutika kuyenda mu Shire wa kumtunda. Pofika mu 1915 madzi analekeratu kutuluka m'nyanja. Mchenga ndi mabango zinatseka mtsinje, nyanja ya Malombe inaphwa, anthu n'kumalima m'menemo. Zinakhala choncho zaka 20. Mu 1935, chaka chomwe njanji yodutsa pa Golomoti ndi Mtakataka inafika ku Salima, nyanja inakwera n'kuyambanso kusefukira mu Shire. Inafika pachimake mu 1980 pa mamita 477, kenaka pambuyo pa chilala cha 1992 ndi zaka zouma zotsatira, mu 1997 inatsikira pafupi ndi mamita 473. Kuchokera pa kutsika kwa 1915 kufika pa kukwera kwa 1980 pali mamita pafupifupi 7. Pa gombe la miyala monga la ku Nkhata Bay mamita 7 si kanthu. Koma pa chidikha chathu chino, ngati nthaka ikwera mita imodzi yokha pa mtunda wa mamita 500, nyanja ikakwera mamita awiri ndiye kuti yadya kilomita yathunthu ya minda.

Kaundula wa nyengo

Tsono wina afunsa kuti ngati ayezi salowa m'nyanja yathu, tikumutchuliranji pa tsamba la alimi? Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, ayeziyo ndiye kaundula wakalekale wa nyengo ya dziko lapansi.

Mukayang'anitsitsa chibenthu cha ayezi, pakati pake pamaoneka poyera ndi timathovu. Timathovuto ndi mpweya wotsekeredwa. Mu 1965 katswiri wina wa ku France, Claude Lorius, ali ku Antarctica, anaponya kachidutswa ka ayezi wokumbidwa pansi m'tambula yake ya kachasu wa azungu. Anaona timathovu tikuphulika pamene ayeziyo amasungunuka, ndipo anazindikira kuti mpweya umenewo ndi wa nthawi imene chipalecho chinagwa, zaka zambirimbiri zapitazo. Akatswiri amaboola ayezi monga tiboolera mjigo, n'kumatulutsa mitanda yaitali yozungulira. Mtanda uliwonse uli ndi mizere yosanjikizana, ngati mizere ija timaona pa chitsa cha mtengo wodulidwa. Za pamwamba ndi zaposachedwa, za pansi ndi zakale. Poyeza ayeziyo amadziwa mmene kunkazizirira, poyeza fumbi amadziwa mmene kunkaumira, ndipo poyeza timathovu amadziwa mpweya umene unalipo.

Pa malo otchedwa Vostok, pamene mu Julayi 1983 kunazizira mpaka madigiri 89 kunsi kwa ziro, anaboola mamita 3,623 pofika mu 1998, ndipo anawerengamo mbiri ya zaka 420,000. Pa malo ena otchedwa Dome C akatswiri a ku Ulaya anafika pa zaka 800,000. Mu Januwale 2025 analengeza kuti pafupi ndi pomwepo atulutsa ayezi wa zaka 1,200,000.

Zimene anapeza ndi izi. M'zaka 800,000 zimenezi dziko lalowa m'nyengo yozizira koopsa ndi kutulukamo kasanu ndi katatu, pafupifupi kamodzi pa zaka 100,000 zilizonse. Nyengo yomaliza yotere inafika pachimake zaka 21,000 zapitazo. Pa nthawiyo pafupifupi Canada yense ndi kumpoto kwa Ulaya zinali pansi pa ayezi, ndipo madzi ambiri atagwidwa mu ayezimo, nyanja zamchere zinatsika mamita 120. Nyengo yofunda imene tilimoyi inayamba zaka 11,700 zapitazo, ndipo ulimi wonse umene tikuudziwa unabadwa mkati mwake. Chimanga chenichenichi anayamba kuchilima ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo kuno ku Africa chinafika chitadutsa chaka cha 1500.

Anapezanso kuti kutentha kwa dziko kumayendera limodzi ndi mpweya wa carbon dioxide, uja timatulutsa popuma ndipo umatulukanso pamene nkhuni, makala, malasha, petulo ndi dizilo zikuyaka. Mpweya umenewu umasunga kutentha monga bulangete. Pa nyengo yozizira unkakhala magawo 180 pa magawo 1,000,000 alionse a mpweya wonse, pa nyengo yofunda n'kukwera kufika cha m'ma 280. M'zaka zonse 800,000 sunapitirirepo 300. Mu 2024 unali utadutsa 420, kaamba ka malasha ndi mafuta amene anthu awotcha kuyambira pamene mafakitale anayamba, ndiponso kutha kwa nkhalango. Chaka chomwecho cha 2024 dziko linatentha madigiri pafupifupi 1.5 kuposa mmene linalili mafakitale asanachuluke. Popanda ayezi uja sitikadadziwa kuti zimenezi n'zachilendo. Tikadangoti ndi mmene nyengo imakhalira.

Nanga kalelo, kusanabwere galimoto ndi mafakitale, chinkasintha nyengo n'chiyani? Katswiri wa masamu wa ku Serbia, Milutin Milanković, anafotokoza kuti dziko pozungulira dzuwa siliyenda mofanana nthawi zonse. Njira yake imasintha pang'ono pa zaka 100,000, kupendekeka kwake kumasintha pa zaka 41,000, ndipo limagwedezeka ngati nguli yotopa pa zaka pafupifupi 21,000. Kusintha kumeneku kumachepetsa kapena kuonjeza mphamvu ya dzuwa la m'chilimwe kumpoto. Dzuwalo likafooka, chipale cha chaka chatha sichitha kusungunuka, ndipo ayezi amayamba kukula. Poti ayezi ndi woyera, amabweza kuwala kwa dzuwa monga malaya oyera achitira, choncho kumazizirirabe. Akayamba kusungunuka, pansi pake pamaoneka madzi akuda kapena nthaka, zomwe zimamwa kutentha ngati malaya akuda, ndipo kusungunuka kumafulumira.

Matope a pansi pa nyanja yathu

Ife kuno tilibe ayezi woti tiboole, koma tili ndi kaundula wathuwathu. Chaka chilichonse fumbi, mungu wa mitengo, makala a moto wolusa ndi tizamoyo takufa zimamira n'kukasanjikizana pansi pa nyanja ya Malawi. Mu 2005 akatswiri otsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse University, pamodzi ndi Thomas Johnson ndi Andrew Cohen, anaika makina oboolera pa chombo cha Viphya, chija chinkanyamula mafuta. Anakaima pa malo akuya pafupifupi mamita 590, n'kuboola matope enanso mamita 380 kupita pansi. Matopewo anasunga mbiri ya zaka 1,300,000.

Mbiriyo ndi yoopsa kuimva. M'zaka zimenezi nyanja yathu inatsikapo mamita oposa 200 kokwanira ka 24. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zazikulu kotero kuti nthawi ina nyanja inatsika mamita pafupifupi 600, n'kutaya magawo 95 pa 100 alionse a madzi ake. Nyanja imene malo ake ozamitsitsa ndi mamita 700 inasanduka thamanda la madzi amchere cha kumpoto, lozunguliridwa ndi dziko louma. Mbali ya nyanja imene ife a ku Mtakataka timayang'anana nayo ndi yosazama, siifika ngakhale mamita 100. Ndiye kuti pa nthawi zimenezo munthu akadanyamuka pa Mua wapansi mpaka ku Chembe osanyowa phazi, ndipo zilumba za Maleri zikadakhala timapiri ta pamtunda.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachikonda pa kafukufuku ameneyu, chifukwa chimatiletsa kufulumira kugamula. Ambiri ankaganiza kuti nyanja inaphwetsetsa pamene ayezi anachulukitsitsa, zaka 21,000 zapitazo. Matope anakana. Pa nthawiyo nyanja inatsikadi, koma pang'ono poyerekeza ndi zilala zakale zija. Choncho si kuti ayezi ndiye mwini yekha wa mvula yathu. Kugwedezeka kwa dziko kumene kumakulitsa ayezi kumathero kumasinthanso mphamvu ya dzuwa la dzinja kuno kwathu, ndipo zonse ziwirizi zimakoka mvula.

Kumene mvula imatsata

Chifukwa chachiwiri chotchulira ayezi ndi mphepo. Mphepo imayenda kuchoka kozizira kupita kotentha. Asodzi amadziwa mwera, umene umavutitsa mabwato kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Mphepo imeneyo, pamodzi ndi chiperoni, imachokera ku nyanja zozizira za kum'mwera. Mwera ukaomba kwa masiku, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kum'mwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi amakwera ndi chakudya cha tizamoyo timene usipa umadya. Bambo wa usipa uja ali ndi ubale ndi Antarctica ndithu, kungoti ubalewo ndi wa mphepo.

Mvula ya dzinja imagwa pamene mphepo ya mpoto, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ndi mphepo yonyowa ya ku Congo zikumana. A zanyengo amatchula malo okumaniranawo kuti ITCZ. Malowa sakhazikika. Amatsata dzuwa, kutsikira kwa ife cha mu Novembala ndi Disembala, n'kubwerera kumpoto cha mu Malichi ndi Epulo. Kaundula wa ayezi ndi wa matope a m'nyanja zosiyanasiyana akusonyeza kuti malo okumaniranawa amapendekera ku mbali ya dziko imene yafunda kwambiri. Kalelo kumpoto kukazizira mwadzidzidzi, mvula inkasunthira kum'mwera, kukafunda inkabwerera. Kuyambira mu 1979 dera la Arctic lakhala likufunda mofulumira kuwirikiza katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi dziko lonse. Kwa mlimi amene mbeu yake imadalira masabata awiri kapena atatu a mvula yoyamba, kusuntha pang'ono kwa malo okumanira mphepo ndi nkhani ya nsima.

Chinanso chodziwika bwino n'chakuti mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umanyamula chinyontho choonjezera magawo 7 pa 100 alionse. Zotsatira zake ndi ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Nthaka imauma msanga pakati pa mvula ndi mvula, koma mvula ikati igwe imagwa yambiri nthawi imodzi. Tinaziona pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Akatswiri a bungwe la IPCC akuyembekezera kuti kum'mwera kwa Africa kuzitentha kwambiri, zilala zizichuluka, ndipo mvula yamphamvu izibwera kawirikawiri.

Ndipatukeko pang'ono. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo Africa anali wolumikizana ndi Antarctica, India, Australia ndi South America, ndipo kum'mwera kwa Africa kunali pafupi ndi mathero a dziko, pansi pa ayezi. Kufupi ndi Kimberley ku South Africa kuli matanthwe amene mpaka lero ali ndi mikwingwirima imene ayeziyo anakanda poyenda. Atasungunuka kunamera nkhalango za m'madambo, ndipo nkhalangozo ndizo zinasanduka malasha amene amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi ku Moatize ku Tete. Kumwamba nakonso kuli phunziro. Dziko la Mars, lija limaoneka ngati nyenyezi yofiirira, lili ndi zipewa zoyera za ayezi kumathero ake, zimene zimakula ndi kuchepa malinga ndi nyengo, ndipo chombo cha Phoenix chinakumba ayezi kumeneko mu 2008. Pomwe Nthanda, imene azungu amati Venus, yakutidwa ndi carbon dioxide wochuluka zedi, ndipo imatentha madigiri oposa 450, kokwanira kusungunula mtovu.

Tibwerere kumunda

Ife a kunsi kwa phiri tili pakati pa madzi awiri: otsika m'mapiri a Dedza ndi okwera kuchokera m'nyanja. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo ambiri amene anthu anamangapo ndi kugawana m'zaka za m'ma 1990 ndi za m'ma 2010, nyanja itatsika, anali a nyanja mu 1980. Amene anagula malo otere sanaberedwe ndi ayezi wa ku Greenland. Anagula pabwalo pa mwini wake atapita kukayenda. Musanamange nyumba ya njerwa zootcha kapena kukumba chimbudzi kufupi ndi gombe, funsani agogo a m'mudzimo kuti madzi a 1980 anafika pati. Alipo ambiri amene akukumbukira, ndipo adzakulozerani mtengo kapena chulu. Kunsi kwa malire amenewo limaniko mbeu za miyezi yochepa madzi akamaphwa, monga chimanga cha kudimba, nyemba, mbatata ndi masamba, koma nkhokwe ndi khola zikhale kumtunda.

Za madzi otsika m'phiri, a ku sikimu ya Bwanje akudziwa bwino. Sikimu ya mahekitala 800 imeneyi, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imadalira mtsinje wa Namikokwe. Mtsinjewu umachokera m'mapiri amene mitengo yake yatha ndi makala ndi minda ya m'matsitso. Mvula yamphamvu ikagwa pa phiri lopanda mitengo, madzi amatsika tsiku limodzi atanyamula mchenga wodzatseka ngalande, ndipo pofika mu Seputembala mtsinje umakhala utachepa pamene mpunga wachiwiri ukuufuna. Pamenepa ine ndimaona kuti mlimi wa mpunga wa kuchidikha ali ndi chifukwa chokwerera phiri kukakambirana ndi mafumu a kumtunda za nkhalango ya Mua-Livulezi, ngakhale iye alibeko munda kumeneko. Kutentha kwa dziko lonse sitingakuletse tili pa Golomoti, poti utsi wambiri si wathu. Koma liwiro limene madzi amatsikira m'phiri lathu lili m'manja mwathu.

M'minda ya kumtunda, nkhani ndi yosunga dontho lililonse pamene lagwera. Akalozera ndi udzu wa vetiva pa malo otsetsereka, ngonyeka m'mizere, mapesi osawotcha koma kuphimbira nthaka, ndi manyowa, zonsezi alangizi akhala akutiuza kuyambira kale, ndipo ena tinkaziona ngati zotopetsa. Mitengo ya msangu imene imamera yokha m'minda ya kuno musaidule. Imayoyola masamba m'dzinja, choncho siphimba chimanga, ndipo masambawo ndi chonde. Pa mbeu, dera lathu ndi lotentha ndipo mvula yake ndi yaifupi poyerekeza ndi kwa Bembeke. Chimanga chocha msanga ndicho chotiyenera, ndipo pambali pake pasasowe ndime ya mapira, chinangwa, mbatata kapena nandolo. Amene anali ndi mapira ndi chinangwa mu 1992 ndi mu 2024 sanagone ndi njala ngati anzawo a chimanga chokha. Musathamangire kubzala mbeu yonse pa mvula yoyamba ya chizimalupsa. Dikirani nthaka inyowe kufika kuya kwa chikhatho, ndipo mverani ulosi wa nyengo umene a zanyengo amalengeza dzinja lisanayambe.

Pomaliza pali kantchito kena kosalira ndalama. Nyanja imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse. Imadzadzitsa mu Epulo kapena Meyi, mvula itatha kale kuno, chifukwa madzi a kumpoto amachedwa kufika, ndipo imatsikitsitsa cha mu Novembala ndi Disembala. Mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja ukhoza kumakhoma chikhomo pamene madzi afika mu Meyi, n'kulembapo chaka, a mfumu n'kusunga m'kope mtunda wake kuchokera pa mlambe kapena pa mjigo wodziwika. Pakatha zaka khumi mudzi umenewo udzakhala ndi kaundula wakewake wothandiza pogawa malo ndi poweruza milandu ya madimba. Chikhomocho chikhale chachitsulo kapena cha simenti, pakuti cha mtengo chiswe chidya chaka chisanathe.